Thandizeni akuluakulu, mbuzi za kafukufuku wanga zikuonda

Membala wosadzitchula dzina:
Akuluakulu a pagulu lino, ndabwera ndi nkhawa yaikulu. Ndine mtsikana wa chaka chomaliza pa sukulu ina ya ukachenjede, kumene ndikuphunzira za ulimi wa ziweto. Kafukufuku wanga ndi woona mmene mbuzi zachikuda zimakulira zikamadya masamba a lukina ndi madeya, poyerekeza ndi zimene zikudya udzu ndi madeya okha. Mbuzizi zili m'timakola ta imodziimodzi kuyambira mwezi watha, koma m'malo monenepa zikuonda, zina zikusiya chakudya, ndipo ubweya wake wanyankhalala. Ntchitoyi tinapatsidwa anthu awiri, koma mnzangayo amangotulukira tsiku loyeza pa sikelo kudzajambula zithunzi, pamene kusesa makola, kutunga madzi ndi kudula masamba zonse zili pamutu panga. Aphunzitsi otiyang'anira ali ndi ophunzira ambiri, moti kuti muwapeze mu ofesi ndi mwayi. Amalume amene analonjeza kundithandiza ndalama ya madeya sakuyankhanso foni, eni nyumba akweza lendi, ndipo zitsanzo zanga za masamba zinachita nkhungu magetsi atazima uvuni yoziumitsira ili pantchito. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti zaka zonsezi taphunzira za kagayidwe ka chakudya m'mimba mwa ziweto pa bolodi, mayeso ndinkakhoza bwino, koma mbuzi yamoyo ndayamba kuigwira chaka chino. Ndichite chiyani kuti ndisabwereze chaka?

Bambo wopuma pantchito ya zaulimi:
Mwana wanga, mawu ako omalizawo ndi amene andikhudza. Ine ndinaphunzira ku Bunda kalekale, isanachoke pansi pa University of Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo ife tinkadzuka kusanache kupita ku khola. Munthu sunkatchedwa wophunzira za ziweto usanakame ng'ombe, usanathene tonde, usanaike khutu kumanzere kwa mimba ya mbuzi n'kumva chifu chikutembenuza chakudya kamodzi kapena kawiri pa mphindi. Lero mwana amajambula zigawo zinayi za mimba ya ng'ombe mokongola, koma mukamufunsa ngati mbuzi ili patsogolo pake ikubzikula kapena ayi, amayang'ana pa foni. Vuto lako ndi lukina, palibenso china. Masamba amenewa ali ndi mapuloteni opitirira 20 peresenti, n'chifukwa chake timawakonda, koma mulinso poizoni wotchedwa mimosine, amene amathothola ubweya, amachititsa chiweto kuchucha dovu, kutaya chilakolako cha chakudya ndi kutupa chithokomiro. Lamulo limene tinkatsata ndi lakuti lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse.

Mlangizi wa ziweto, Dedza:
Bambo, ndikulemekeza ukulu wanu, koma mwagamula mlandu musanamve mboni. Mbuzi yoonda ya ubweya wonyankhalala kuno kwathu timayamba kuiganizira njoka za m'mimba, makamaka ija yoyamwa magazi yotchedwa Haemonchus. Achemwali, tatiuzani: mbuzizi munazimwetsa mankhwala a njoka musanayambe kafukufuku? Ndipo zikuondazo ndi za lukina zokha kapena ndi magulu onse awiri? Popanda kudziwa zimenezi tonse tikungolota.

Bambo wopuma pantchito ya zaulimi:
Alangizi a masiku ano chilichonse mumati njoka, chifukwa botolo la mankhwala ndi limene mumalidziwa. Kodi munamvapo za Raymond Jones? Wasayansi ameneyu wa ku Australia anaona kuti mbuzi za ku Hawaii zinkadya lukina wambiri osadwala, pamene ziweto za ku Australia zinkadwala zikamudya. M'zaka za m'ma 1980 anasamutsa tizilombo ta m'chifu cha mbuzi za ku Hawaii n'kutiika mu ziweto za ku Australia, ndipo vuto linachepa. Kachilombo kophwanya poizoniko kanadzatchedwa Synergistes jonesii pomulemekeza. Zimenezi anazipeza chifukwa chokhala pafupi ndi ziweto, osati chifukwa chowerenga manotsi a munthu wina. Ndi maphunziro otere amene ndikulira kuti abwerere.

Mayi woweta mbuzi, Salima:
Ine za sukuluzo sindinapite nazo patali, koma zoonda mbuzi ndikuzidziwa. Chaka china ndinagula misoti pa msika n'kuisakaniza ndi zanga tsiku lomwelo, mvula ili pakati. Pasanathe mwezi zinayamba kutupa pansi pa chibwano, kutsegula m'mimba, kenako kufa imodziimodzi, ndipo khola limene ndinkadalira pa fizi ya ana linatsala ndi zowerengeka. Amuna anga anandiimba mlandu ngati ndinachita dala, ndipo nkhani imeneyi m'banja mwathu sinathe mpaka lero. Ophunzira inu mukamaliza muzibwera kumudzi kuno, musamangothera m'maofesi a ku Lilongwe.

Mphunzitsi wa pa yunivesite ina:
Bambo opuma pantchito, n'zosavuta kudzudzula muli panja. M'nthawi yanu kalasi inali ya anthu ochepa, ndipo aliyense ankapeza ng'ombe yoti aigwire. Lero aphunzitsi timaima patsogolo pa khamu, ndipo chiweto chimodzi chophunzitsira chimafuna chakudya, mankhwala ndi wochisamalira chaka chonse, kuphatikizapo nthawi ya tchuthi. Ng'ombe yoboola pambali, imene ophunzira amatengapo madzi a m'chifu kuti aone tizilombo pa maikulosikopu, imafuna dokotala wa ziweto woti aichite opaleshoni ndi kuiyang'anira moyo wake wonse. Si kuti sitifuna kuphunzitsa ndi manja. Ndiponso achemwali, musanene kuti aphunzitsi sapezeka ngati simunawalembere. Lembani uthenga waufupi wokhala ndi manambala a kulemera kwa mbuzi iliyonse sabata ndi sabata, mudzaona kuti adzayankha msanga kusiyana ndi kuwadikirira pakhomo.

Bambo wopuma pantchito ya zaulimi:
Aphunzitsi, kuchuluka kwa ophunzira sindikukana, koma thermometer ndi ya ndalama zingati? Kuphunzitsa mwana kuti kutentha kwa thupi la mbuzi yabwino kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, n'kumupatsa mbuzi kuti ayeze yekha, sikufuna thandizo lochokera kunja. Ngati famu ya sukulu ndi yaing'ono, midzi yozungulira ili ndi mbuzi zambirimbiri, ndipo eni ake angasangalale kuona ophunzira akuziyeza. Mukubisala kuseri kwa bajeti. Mwana uyu wafika chaka chomaliza asanagwirepo mbuzi, ndipo inu mukumuuza kuti alembe uthenga.

Wophunzira wakale wa za ziweto:
Achemwali, ine ndikuchenjezani chinthu chimodzi chokha, chifukwa ndikudziwa maganizo amene amabwera nthawi ikamatha. Musayerekeze kusintha manambala kuti mbuzi zioneke ngati zinanenepa. Ine kope langa lolembamo kulemera kwa nkhumba linanyowa ndi mvula denga la khola litadontha, masamba ena osawerengekanso, ndipo anzanga anandiuza kuti ndingodzazamo za m'mutu. Ndinakana, ndinafotokoza zoona pamaso pa aphunzitsi, ndipo ndinakhoza ngakhale kuti sindinapeze malikisi amene ndinkafuna. Mbuzi zikaonda, chimenechonso ndi chotsatira cha kafukufuku, bola mufotokoze chifukwa chake ndi umboni. Muzijambulanso tsamba lililonse la kope lanu madzulo alionse.

Mnyamata wochita bizinesi ya nkhuku, Blantyre:
Vuto ndi kusankha mbuzi. Mbuzi imatenga masiku pafupifupi 150 ili ndi bere ndipo imakula pang'onopang'ono, ndiye munthu wa miyezi yochepa angaone chiyani? Nkhuku zoyera za nyama zimafika pogulitsa pa masabata asanu ndi limodzi, kafukufuku n'kutha, ndalama n'kubwerera. Ndakhala ndikunena pagulu lino kuti tsogolo la ulimi wa ziweto m'dziko muno lili mu nkhuku, koma anthu ophunzira safuna kumva.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse chifukwa cha mayankho. Aphunzitsi, uthenga ndinalembapo kale, koma unali wodandaula za mnzanga uja, ndipo anangoti tikambirane tokha. Mnzangayo ndi wachibale wa munthu wina wodziwika, n'chifukwa chake sawopa kanthu. Kusintha kupita ku nkhuku sikungatheke chifukwa mutu wa kafukufuku unavomerezedwa kale. Usiku sindikugona, ndipo mayi anga kumudzi akudziwa kuti ndikumaliza chaka chino.

Mlangizi wa ziweto, Dedza:
Achemwali, mwayankha zonse kupatula zimene ndinafunsa. Pamene tikudikira, chitani ichi mawa m'mawa: tsitsani chikope cha m'munsi cha mbuzi iliyonse muone mtundu wa mkati mwake. Kukakhala kofiira bwino ndiye kuti magazi alipo, koma kukakhala kotuwa kapena koyera ndiye kuti mbuziyo yatha magazi. Njira imeneyi imatchedwa FAMACHA, inapangidwa ku South Africa, ndipo ili ndi khadi la mitundu isanu, kuyambira 1 mpaka 5. Kenako tengani ndowe za mbuzi iliyonse payokha, mulembe nambala yake, mupite nazo ku labotale akawerenge mazira a njoka. Mankhwala musamwetse mongoganizira, muyeso wake akuuzeni dokotala wa ziweto potengera kulemera kwa mbuzi.

Bambo wopuma pantchito ya zaulimi:
Pa chikopepo ndikugwirizana nanu alangizi, chifukwa kumeneko ndiye kugwira chiweto kumene ndikunena. Koma lukina sindikumuchotsa pa mlandu. Ndiponso palibe amene wafunsa ngati mbuzizi zinapatsidwa nthawi yozolowera. Mbuzi imene yakula ikuyenda m'tchire, ikusankha yokha masamba, mukaitsekera yokha m'kakhola imanyanyala chakudya, ndipo tizilombo ta m'chifu timafuna masabata awiri kuti tizolowere chakudya chatsopano. Masiku amenewo sawerengedwa mu kafukufuku. Mwana wanga, kodi chakudya chimene ukupereka ukuchiyeza chili chachiwisi kapena chouma? Mbuzi imafuna chakudya chouma cholemera pafupifupi 3 peresenti ya thupi lake pa tsiku, ndipo masamba aawisi gawo lalikulu ndi madzi. Ukhoza kuona ngati chodyeramo chadzaza pamene mbuzi ikugona ndi njala. Zimenezi ife tinaziphunzira ndi sikelo m'manja, osati pa bolodi.

Dokotala wa ziweto:
Mukukangana za maphunziro pamene ziweto zikuvutika. Mbuzi iliyonse imene yasiyiratu kudya kapena ikulephera kuima ichotsedwe mu kafukufuku lero lomwe, ilandire chithandizo, ndipo tsiku ndi chifukwa chake zilembedwe. Digiri ya munthu si chifukwa chosiyira chiweto kuti chife pang'onopang'ono, ndipo woyang'anira famu ayenera kudziwitsidwa ngakhale aphunzitsi asanapezeke.

Mphunzitsi wa pa yunivesite ina:
Adokotala anena zoona. Bambo, za midzi yozungulira ndazimva ndipo ndikazitula kwa anzanga, ngakhale kuti kunyamula kalasi yonse kumafunanso galimoto ndi mafuta. Achemwali, muziyeza chakudya chimene mwapereka ndi chimene chatsala m'mawa uliwonse, ndipo mbuzi muziziyeza pa sikelo zisanadye, pa ola lomwelomwelo. Tiuzeninso chimene alangizi akhala akufunsa: zikuonda ndi za gulu liti, lukina mukupereka wochuluka bwanji, ndipo mankhwala a njoka zinamwa kapena ayi?