Mpanda wa nkhuku uja watha

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndimange mpanda wa nsungwi kapena wa waya, agalu oyendayenda atandithera anapiye kuno ku Chilobwe. Ambiri munati waya, ndipo ndinakagula ku Limbe. Mitengo ndi ya bulugamu, ndinaipaka oilo wakutha kumunsi kuti chiswe chisaidye. Amene munandiuza zokumba kangalande n'kukwirira waya pansi, zikomo kwambiri: galu anayesa kufukula usiku wina, anabwerera chimanjamanja.

Koma kumwamba ndinaiwalako! Sabata yoyamba yomweyo kabawi anatola mwanapiye ine ndikuchapa pomwepo. Pano ndayalapo ukonde mbali ya anapiye. Khola logona ndalikweza pa mitengo poopa chinyezi cha dzinja. Katemera wa chitopa alandira dzulo.