Ndithandizeni: pulogalamu yojambulira sikirini ndi kukonza mavidiyo

Moni nonse muno. Kuntchito andipatsa udindo wokonza timavidiyo tophunzitsa anzanga kugwiritsa ntchito pulogalamu ya maakaunti. Ndimajambula sikirini uku ndikufotokoza.

Ndayesa Xbox Game Bar, koma siijambula File Explorer (potsegulira mafayilo mu Windows), pomwe phunziro lililonse limayambira mmenemo. OBS Studio ikujambula bwino, kungoti ilibe podulira, ndiye ndikangotsokomola ndimayambiranso. Camtasia ndi yogula, ndalama yake palibe.

Laputopu yanga ndi ya Windows 10, RAM 4GB. Chimene ndikufunitsitsa n'kukulitsa malo amene ndadina pasikirini, chifukwa ambiri adzaonera pafoni ndipo zilembo zimachepa kwambiri.

Kodi pali pulogalamu yaulere, yopepuka, yosafuna intaneti, yoti ndidulire vidiyo n'kuikamo mawu pambuyo pake? Inuyo mumagwiritsa ntchito iti?