Foni ya amayi a m'madimba a ku Lingadzi

Wapampando: Abale anga a ku Mtandire, moni nonse. Nkhani tinaisiya Lamulungu ija tiimalize. Amayi olima m'madimba a m'mbali mwa Lingadzi apempha kuti titape m'thumba lathu tiwagulire foni yamakono imodzi, azitsatsa mpiru, repu ndi tomato pa WhatsApp kwa anthu a ku Area 47 ndi Area 49, osadzeranso kwa mavenda. Tiuzane maganizo.

Achimwene a ku Johannesburg: Ine ndavomera kale, bambo Wapampando. Mayi anga amapereka dengu lodzadza pa mtengo womwe venda wanena, chifukwa likafika masana mpiru wafota. Wogula ataoda madzulo, iwo n'kuthyola m'mawa zokhazo zaodedwa, palibe chotayika.

Msungichuma: Achimwene, foni sinyamula dengu. Adzaperekera ndani kunyumba za anthuwo? Wakabaza amafuna yake, bandulo nayo ndi ndalama. Tomato wa mulu umodzi sangalipire njinga yamoto.

Mayi a ku dimba: Zikomo aMsungichuma, koma ifenso tinaganizapo. Sitikufuna kuyendera munthu mmodzimmodzi ayi. Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Maoda onse a msewu umodzi timange pamodzi, wakabaza apite ulendo umodzi. Kulipira alipiriretu pa Airtel Money kapena Mpamba. Izo ngakhale kafoni kanga ka mabatani kamatha, *211# kapena *444#. Yamakonoyo tikuifunira zithunzi, poti munthu safuna kugula ndiwo asanazione. Ndipo tikamati mavenda amatidyera, musaganize kuti timadana nawo. Ena ndi ana athu omwe. Kungoti thukuta ndi lathu, kuthirira ndi kheni m'bandakucha ndi ife, koma mtengo amadula ndi iwo.

Aphunzitsi: Amayi, mwalankhula zomveka. Langa ndi limodzi: ogula adzafunsa madzi omwe mumathirira. Lingadzi amadutsa m'tauni, aliyense amaona zinyalala zake. Ngati mumatunga pa zitsime za m'dimba, jambulani anthu aone. Mmodzi yekha akadandaula pa gulu la ogula, ena onse athawa tsiku lomwelo.

Msungichuma: Nanga ndalama zizilowa pa nambala ya yani? Apa mpamene magulu ambiri amayambanira.

Mayi a ku dimba: Ya mlembi wa banki m'khonde yathu. Uthenga uliwonse wa ndalama azitionetsa Loweruka, tilembe m'kope monga timachitira ndi masheya.

Achimwene a ku Johannesburg: Bandulo ya miyezi 3 yoyamba ndilipira ine.

Msungichuma: Ngati zili choncho ndafewako. Koma tisagule kaye. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi foni, tiibwereke mwezi umodzi tione ngati maoda abwere.

Wapampando: Amayi, kodi zobwerekazi mwazilandira? Mukafunsane ndi anzanu kudimba mawa, mutiyankhe pompano lisanafike Lachinayi.