"Chetechete sautsa nyama": mwambiwu umati tikhale chete kapena tiyankhule?

Abale, ndithandizeni. Dzulo kumaliro ku Thekerani tinatsutsana mpaka nsima kuzizira.

Agogo anga aakazi ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Nthawi ya Kamuzu, malume akayamba kudandaula za ayufi omwe ankaima pakhomo pa msika wa Luchenza kufunsa khadi la chipani, agogo ankatseka chitseko, n'kuchepetsa moto wa koloboyi, n'kunong'oneza kuti, "Iwe, chetechete sautsa nyama." Ine ndakula ndikudziwa kuti ukasunga pakamwa, chilombo chogona sichikudzukira. Koma bambo wina pamaliropo anati ndaugwira kumchira. Choona ndi chiti?

Yankho la mkulu wa ku Chitakale:
Mwanawe, bamboyo sananame. Mwambiwu ndi wa kuuzimba, ndipo sunathere pomwepo: "Chetechete sautsa nyama, koma suyosuyo." Gwape akabisala m'tchire, alenje oyenda mwakachetechete amamupitirira. Pamafunika kukuwa, kumenya zitsamba, agalu kuuwa, ndiye amavumbuluka. Tanthauzo lake n'lakuti wosayankhula sapeza chimene akufuna. Ine ndinali m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992 pomwe ankawerenga kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu. Anthu tinkangoyang'anana, mitima ili phaphapha. Suyosuyo ameneyo ndi amene anatifikitsa ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993, yomwe tinasankhira ulamuliro wa zipani zambiri.

Yankho la mayi wa ku Bvumbwe:
Zoona bambo, koma agogowo musawaweruze. Bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu linalipo kuyambira 1968, ndipo mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anafera ku Mwanza. Ngati nduna zinkatha choncho, wothyola tiyi akanatani? Anaupinda mwambiwo kuti mwana wawo agone m'nyumba.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Zandikhudza kwambiri, chifukwa mwambi wopindikawo ndawuphunzitsanso ana anga. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu woyankhula, komabe mwezi watha pagulu lathu la WhatsApp lakumudzi munthu atafunsa za mayina omwe anasowa pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo, tonse tinangoti zii, inenso momwemo. Kumsonkhano wa kwa amfumu Loweruka lino ndikaimirira n'kufunsa za mayinawo. Bambo a ku Chitakale, kodi "suyo" ameneyu ndi "uyo, uyo" wolozera nyama ikamathawa?