Forester ya turbo: MAF yaikulu ithandizadi kapena tingomuonongetsa ndalama munthu?

Makaniko wa ku Luwinga: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Muno muli Forester SG5, injini EJ205. Mwini wake anachotsa bokosi la fyuluta n'kuika cone (fyuluta ya mpweya yopanda bokosi) ndi paipi yake, anaikanso blow-off (vavu yotulutsa mpweya wa turbo ukachotsa phazi) yopumira panja, kenako wina anamukwezera boost (pressure ya mpweya wa turbo). Pano ikuonetsa P0171 (code ya mafuta operewera poyerekeza ndi mpweya), LTFT (trim, mlingo umene kompyuta ikuwonjezera mafuta) ili m'mwamba, ukaponda moto pa giya 3 ikukoka kenako n'kudula, ukachotsa phazi pa roundabout ya Katoto ikufuna kuzima. Iye wawerenga pa intaneti kuti MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) ya kampani yachepa, akuti tiitanitse yaikulu ku Dar. Ndalama ali nayo koma ine mtima ukukana. Alipo anaikapo?

Wa ku Chibavi: Mwini wakeyo akunena zoona. Mpweya wachuluka, sensa yachepa. Pezani ya Nissan Z32 muike, nkhani ithe.

Wa zamagetsi, Mchengautuwa: Achimwene, musanaitanitse kanthu lumikizani scanner, wina ayendetse inu mukuyang'ana live data. Sensa imeneyo malire ake ndi 5V. Pondani mpaka pansi pa giya 3 muone voteji ikufika pati. Ngati sikuyandikira malirewo, sensa sinachepe. Muonenso pa idle injini itatentha, injini ya malita 2.0 imawerenga magalamu a mpweya apakati pa 2 ndi 4 pa sekondi. Ine ndikukayikira paipi ya cone. ECU, kompyuta ya injini, sidziwa kuti mwasintha paipi, imawerengera mafuta poganiza kuti sensa ikadali m'chibowo cha kampani. Chibowo chikakula, mpweya umadutsa pa waya mofatsa, sensa imanena wochepa pomwe walowa wambiri, mafuta n'kuperewera. P0171 yanu ndi imeneyo. Mukaika yaikulu osakonza table ya manambala a sensa mu ECU mwangowonjezera vuto lomwelo.

Wa ku Chibavi: Z32 anthu amaika mpaka mahatchi 500. Si nkhani yatsopano iyi.

Wa zamagetsi, Mchengautuwa: Amaika pa ma Nissan a injini ya SR20, ndipo amaika pamodzi ndi remap, kusintha manambala a mu ECU. Pa Subaru ngakhale pulagi sigwirizana. Komanso Forester iyi ili ndi turbo ya kampani, mahatchi 500 awatenga kuti?

Madala a ku Zolozolo: Ana anga, ine za ma table ndimasiyira inu, koma Subaru ikamayenda mafuta ataperewera pa boost imathyola pisitoni pa ma ring. Ndinatsegulapo ina yobwera pa towing kuchokera ku Chiweta. Anakwera nayo phiri lija atadzaza anthu ndi katundu, check engine ikuyaka, iye akuti ndikafika ku Mzuzu ndikaonetsa. Titatulutsa pisitoni, kachidutswa ka pakati pa ma ring kanagwera m'manja mwanga, m'mbali mwake mutachita kudyeka. Galimoto zimenezi ku Japan zimamwa petulo wa octane yapamwamba, ndiye kuno mpata wolakwitsa ndi wochepa kale. Muuzeni mwini wake asaiponde kufikira mutapeza vuto. Makiyi akhale kwa inu.

Makaniko wa ku Luwinga: Zikomo madala, ili m'galaja sikutuluka. Bokosi lakale akuti analitaya.

Mayi wa ma spare, mu tauni: Bokosi limapezeka kwa ophwasula, funsani. Koma chenjezo langa ndi la sensa zimene zikubwerazi. Katoni yalembedwa Denso, ukaitulutsa pulasitiki yake yopepuka, manambala osindikizidwa mokhota. Yotero imagwira sabata zochepa kenako P0101 (code ya vuto la MAF), kasitomala n'kubwerera kwa inu osati kwa wogulitsa. Bola yakale yochotsa pa injini ina kusiyana ndi yatsopano yotchipa.

Wa ku Chibavi: Ndiye n'chifukwa ndikuti gulani yaikulu yeniyeni kamodzi.

Mnyamata wa ma Subaru: Palibe watchula inlet pipe? Ija yodutsa pansi pa manifold kupita ku turbo. Pa EJ ikakalamba imang'ambika pafupi ndi pakamwa pa turbo, imafewa ndi oyilo, ndipo ndi maso simungaone. Mpweya wolowera pamenepo sensa siuwerenga. Ipopereni utsi muone pomwe utulukire. Kuzimako ndi blow-off: mpweya wawerengedwa kale, inu mwautayira panja, mafuta ake atsala okha. Bwezerani ya kampani yobwezera mpweya mkati. Phokoso lija achinyamata amalikonda koma pa galimoto ya MAF ndi mavuto.

Madala a ku Zolozolo: Ndipo cone ya oyilo pa fumbi lathuli? Miyezi ino pita ku Ekwendeni ulowe msewu wa dothi, waya wa sensa umavala chikhoto. Wina anandibweretsera Hilux D-4D yopanda mphamvu, utsi wakuda, anali atagula kale sensa ziwiri. Vuto silinali sensa koma EGR (vavu yobwezera utsi mu injini), manifold itadzaza mwaye mpaka chala kukanika kulowa. Tinapala tsiku lonse.

Wa zamagetsi, Mchengautuwa: Potsuka musagwiritse carb cleaner kapena petulo, musakhudze waya ndi kanthu, musaipoperenso ndi kompresa. Spray ya MAF yokha, iume, kenako bwezerani. Mukatero fufutani ma trim muyambe kuwerenga mwatsopano.

Wa ku Chibavi: Mutsuka, mubwezera bokosi, koma boost yakwera. Kuno ku Mzuzu tili pamwamba, mpweya ndi wopepuka, sensa yaikulu ndi yofunika.

Mnyamata wa ma Subaru: Akulu, zatembenuka pamenepo. Tili pa mamita pafupifupi 1,250, mpweya wopepuka ndiye kuti sensa ikuwerenga wochepa kuposa ikatsikira ku Nkhata Bay, malire ali kutali. Imene imavutika kuno ndi turbo, imazungulira kwambiri kuti ifike boost yomweyo. Funso langa ndi la fuel pump: galimoto ya zaka zimenezi, boost yokwezedwa, mwayeza pressure ya mafuta?

Wa ku Chibavi: Ine ndanena. Mudzaitanitsabe.

Wina wa ku Chiputula: Pepani kulowerera, spray ya MAF ikupezeka kuti muno mu tauni? Ndazungulira m'mawa wonse akungondipatsa carb cleaner. Ndili ndi X-Trail ikundivuta pa idle.

Mayi wa ma spare, mu tauni: Yatha, ndikudikira katundu adutse pa Songwe. X-Trail yake ndi ya injini iti?