Mlandu wa achimwene anga uja watha

Abale, ndabweranso pa nkhani ija ndinafunsa miyezi iwiri yapitayo, ya achimwene anga omwe anamangidwa ataswa magalasi a golosale ya munthu, matenda a maganizo atawayambiranso. Zikomo nonse amene munayankha, ngakhale inu munati tipite nawo kwa asing'anga. Kumeneko sitinapiteko.

Ndinatsatira malangizo a mayi ena amene anandiyankha kuti ndithamangire ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, nditanyamula buku la kuchipatala la achimwenewo. Bukulo, lothimbirira, chikuto chake chong'ambika, ndi lomwe linatiwombola. Loya analionetsa kwa majisitireti, ndipo khoti linayamba laimitsa mlandu n'kulamula kuti akapimidwe ku Zomba Mental Hospital. Lipoti la dokotala linasonyeza kuti anali atasiya mankhwala kwa miyezi itatu. Ife pakhomo sitinkadziwa n'komwe. Mapiritsi tinadzawapeza m'thumba la jekete, osakhudzidwa.

Mwini golosale tinakhala naye pansi, tinalipira magalasi, iye n'kukauza khoti kuti wakhululuka. Mlandu unathera pomwepo. Pano achimwene ali kunyumba, amamwa mankhwala pamaso pa amayi usiku uliwonse, ndipo mwezi ndi mwezi amakaonana ndi adokotala kuchipatala cha boma.

Ngati zoterezi zakugwerani, nenani za matendawo kupolisi tsiku lomwelo. Ife tinachita manyazi, n'chifukwa chake anagona m'chitolokosi masiku asanu popanda mankhwala. Funsaninso ma paralegal (alangizi a zamalamulo omwe si maloya) a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) amene amayendera anthu omangidwa, salipiritsa ayi.