Join ya mamembala ndi malipiro ikuchedwa, kwina VARCHAR kwina BIGINT

Wa kopaletivi, Bembeke:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimasamala database ya kopaletivi ya alimi a mbatatesi kuno ku Dedza, tili pa MySQL 5.7. Mu tebulo la mamembala kolamu ya foni ndi VARCHAR (yosunga mawu) ndipo ili ndi index (mndandanda wofulumizitsa kufufuza). Tebulo lina ndi la malipiro a ngongole ya mbewu ndi feteleza. Alimi amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ife timangolowetsa fayilo ya CSV, ndipo kumeneko foni ndi BIGINT (yosunga manambala akuluakulu). Ndikalumikiza matebulo awiriwa (join) ndi ON m.foni = p.foni, m kukhala mamembala, p malipiro, zotsatira zimabwera ndithu, koma munthu umakadya nsima n'kubwerako isanamalize. Chachiwiri, ndalama zonse ndikaphatikiza zikuposa zimene zili mu sitetimenti. Komiti ikufuna lipoti Lachisanu.

Achemwali a ku Ntcheu boma:
Achimwene, ikani EXPLAIN kutsogolo kwa query yanuyo kuti MySQL ionetse mmene ikufufuzira, mutiuze zimene zikutuluka pa mzere wa mamembala.

Wa kopaletivi, Bembeke:
Pa type palembedwa ALL, pa key NULL, ndipo ku Extra kuli Using join buffer (Block Nested Loop).

Achemwali a ku Ntcheu boma:
Ndi zimenezo basi. Index yanuyo sikugwira ntchito n'komwe. MySQL ikapatsidwa mawu mbali imodzi, nambala mbali inayo, imasandutsa mawuwo kukhala nambala kenako n'kufananiza. Tsono taganizani: nambala 7 imafanana ndi '7', imafanananso ndi '07', '007' ngakhale ' 7' ya mpata kutsogolo. Index ya VARCHAR inandandalika zinthu motsata zilembo, ndiye zonsezi zili malo osiyanasiyana, palibe poti MySQL ingalumphire. Imangoyamba kuwerenga tebulo lonse la mamembala mobwerezabwereza. Zotsatira zimabwera chifukwa ziro woyamba wa 099 kapena 088 uja amasowa posandutsa, manambala n'kufanana, inu n'kumaona ngati zonse zili bwino.

Mnyamata wa ku Lizulu:
Bwanji osangolemba CAST(m.foni AS UNSIGNED) = p.foni? Mitundu ikhala yofanana.

Achemwali a ku Ntcheu boma:
Ifanana inde mng'ono wanga, koma kuchedwa kukhala komweko. Mukakulunga kolamu ya index ndi function, mwaibisa index ija ndi manja anu. Sandutsani mbali inayo, yomwe simukufufuzamo. Kolamu ya mamembala isiyeni yokha:

ON m.foni = CONCAT('0', RIGHT(p.foni, 9))

Manambala a foni za m'manja kuno kwathu amakhala ndi madijiti 9 pambuyo pa ziro, ndiye RIGHT ameneyo agwira onse, kaya nambala inalowa ndi 265 kutsogolo kaya ayi.

Akulu a pa Dedza boma:
Achemwali anena zoona, ine ndingolowa pa za ndalama zoposa zija, chifukwa pamenepo ndi pamene pangaphe munthu pamaso pa komiti. Achimwene, kayang'aneni mamembala amene alibe foni. Alembi ambiri amasiya posalemba kanthu, ena amalemba kuti "alibe". Mawu otere MySQL ikawasandutsa nambala amakhala 0. Ngati ku malipiro kuli mizere yomwe foni ndi 0, mwina ya amene anapereka ndalama pamanja ku ofesi, mzere uliwonse wotero ukulumikizana ndi membala aliyense wopanda foni. Malipiro amodzi akuwerengedwa kambirimbiri. MySQL simakana, imangopereka chenjezo limene anthu sitiwerenga. Lembani SHOW WARNINGS query ikangotha muone. Pa PostgreSQL join yotere siyenda n'komwe, imakuuzani kuti operator does not exist, ndipo ine ndimaona kuti kukanidwa koteroko kuli bwino kusiyana n'kupatsidwa lipoti lolakwika mwakachetechete.

Wa kopaletivi, Bembeke:
Akulu, mwalasa. Mizere ya 0 ilipo, ndi ya amene analipira pamanja, ndipo mamembala a "alibe" ndi ambiri ndithu, makamaka agogo athu aja. Ndasintha monga anenera achemwali. EXPLAIN tsopano ikuonetsa ref, key yatchula index ya foni, query yatha ndisanachotse dzanja pa mausi. Ndalama zatsikanso.

Akulu a pa Dedza boma:
Zabwino, koma zimenezi ndi zongokufikitsani Lachisanu. Nambala ya foni si nambala yowerengera. Simuiphatikiza, simuigawa, ndi dzina chabe lolembedwa ndi madijiti, choncho malo ake ndi VARCHAR mbali zonse. Lipoti likadutsa, tengani backup, onjezerani kolamu yatsopano ya VARCHAR ku malipiro, mudzazemo manambala m'kalembedwe kamodzi, muikepo index. Muonetsetse kuti character set ndi collation zikufanana ndi za ku mamembala, chifukwa latin1 kwina utf8mb4 kwina zimabweretsanso vuto lomweli ngakhale onse ali VARCHAR. Ndipo fayilo ya CSV musamaitsegule mu Excel n'kusunganso musanalowetse, imachotsa ziro woyamba.

Mnyamata wa ku Lizulu:
Ndamva za CAST, zikomo achemwali. Kwathu kuno kolamu ya foni ina ndi INT wamba, imeneyo ili bwanji?

Achemwali a ku Ntcheu boma:
Imeneyo ikonzeni lero lomwe. INT imathera pa 2,147,483,647, pamene nambala yoyamba ndi 265 ili ndi madijiti 12. Ngati strict mode, yomwe imakana nambala yosakwana m'kolamu, ndi yozimitsa, MySQL imangolemba 2147483647 pa nambala iliyonse yoposa, anthu onsewo n'kukhala ndi foni imodzi, ndipo nambala yeniyeniyo simungaibwezenso popanda fayilo yoyambirira. Werengani kaye mizere imene ili ndi nambala imeneyo.

Achimwene a ku Bembeke, chinanso: foni imodzi m'mudzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse. Bambo ndi mayi onse akakhala mamembala pa nambala imodzi, join yanu iwerengabe malipiro kawiri. Yesani GROUP BY foni HAVING COUNT(*) > 1 pa mamembala.

Wa kopaletivi, Bembeke:
Ndayesa, apezeka mabanja angapo. Amenewo ndiwaunika mmodzimmodzi ndi mlembi wathu mawa, ali ndi buku la malisiti. Ndikapemphanso komiti kuti mlimi aliyense akalipira tizilemba nambala yake ya umembala pa malipirowo, join idzakhale pa imeneyo. Zikomo nonse.